Siginecha Siigwira Munthu Akamagwa: Kaphunzitsidwe ka Chitetezo pa Ntchito Yomanga

Ndinagwirapo ntchito pa saiti ina pomwe munthu aliyense wolembedwa kumene ankapatsidwa mapepala anayi ndi cholembera, n'kuuzidwa kuti asaine pansipo. Maphunziro ake anali amenewo basi. M'mawa wina ndinakwera pamwamba n'kupeza mnyamata amene anasaina dzulo lake akuyala njerwa m'mphepete mwa silabu ya nsanjika yachitatu. Hanesi, malamba ovala m'thupi oti agwire munthu akagwa, anali atavala bwino kwambiri, malamba a m'ntchafu okoka, wapachifuwa womanga. Koma ngowe ya chingwe chake anali ataikola pa hanesi yomweyo, kuti chingwecho chisamamupinge poyenda. Nditamufunsa anandiyang'ana modabwa. “Bwana, ndavalatu.” Sananame ayi, anavaladi. Kungoti panalibe amene anamugwirapo dzanja n'kumuonetsa pamene ngoweyo imakoledwa.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira kaundula wa masiginecha. Munthu mwamuphunzitsa ngati manja ake akuchita cholondola inu muli kwina. Zimene ndikulemba pano ndi za inu akapitawo, mainjiniya a pa saiti, ndi aliyense amene wapatsidwa udindo wophunzitsa anzake. Amisiri ndi othandizira muwerengenso, mudziwe zimene muli ndi ufulu wofunsa.

Choyamba: yendani pa saiti musanalembe phunziro

Zungulirani malo onse a ntchito kawiri, m'mawa anthu akungoyamba ndi chakumadzulo atatopa, chifukwa zimene mudzaone nthawi ziwirizi n'zosiyana. Muziyenda ndi mafunso anayi m'mutu: munthu angagwe pati, chingamugwere kapena kumugunda n'chiyani, chingamupane kapena kumukwirira n'chiyani, nanga magetsi akudutsa pati? Mafunsowa sindinawatole m'tchire. Bungwe la OSHA, loyang'anira chitetezo pa ntchito ku United States, limene linabadwa ndi lamulo la mu 1970, limaika zinthu zinayizi patsogolo pa maphunziro a omanga chifukwa ndi zimene zimapha anthu ambiri pa ntchitoyi. Ndipo mwa zinayizi, kugwa kuchokera pamwamba ndiko kumatsogola chaka ndi chaka.

Saiti si fakitale. Fakitale imakhala momwemo lero ndi mawa, pomwe saiti imasintha nkhope sabata iliyonse. Pamene panali nthaka yolimba Lolemba pali ngalande Lachinayi. Choncho zimene mwalemba pa nthawi ya maziko sizingakutumikireni pa nthawi ya denga. Gawo lililonse la ntchito likamayamba, yendaninso, lembaninso.

Pezaninso lamulo la dziko limene mukumangamo, muliwerenge nokha. Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linakhazikitsa pangano nambala 167 la chitetezo ndi thanzi pa ntchito yomanga mu 1988, ndipo malamulo a maiko ambiri amafanana nalo pa mfundo zikuluzikulu. Miyeso imene nditchule m'munsimu ndi ya ku United States ndi ku Britain. Ikasiyana ndi ya kwanu, tsatirani imene ili yokhwima kwambiri.

Chachiwiri: konzani ntchito, kenako munthu

Akapitawo ambiri akamva za chitetezo amathamangira kukagula zisoti ndi magolovesi. Zimenezo n'zofunika, koma ndi zomaliza pa mndandanda. Phunzitsani anthu anu kuganiza motsatana chonchi. Kodi ngoziyi tingaichotseretu? Ngati mitengo ya denga ingalumikizidwe pansi n'kukwezedwa yathunthu, munthu sakufunikanso kukhomera misomali atalendewera m'mwamba. Ngati singachotsedwe, kodi tingagwiritse ntchito chinthu china chosaopsa kwambiri? Ngati ayi, kodi tingaike chotchinga pakati pa munthu ndi ngoziyo, monga mpanda wa zitsulo m'mphepete mwa silabu, kapena madzi pa chodulira njerwa? Zikatha zimenezo m'pamene timabwera pa malamulo a kagwiridwe ka ntchito, ndipo pamapeto penipeni zovala zodzitetezera.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mpanda umateteza aliyense, wochenjera ndi wogona yemwe, wophunzitsidwa ndi mlendo wongodutsa. Hanesi imateteza munthu mmodzi, ndipo imatero pokhapokha waivala bwino, waikola pabwino, ndipo sanaiwale tsiku limenelo.

Pomanga mlatho wa Golden Gate ku San Francisco, pakati pa 1933 ndi 1937, injiniya wamkulu Joseph Strauss analamula kuti pansi pa mlathowo payalidwe ukonde. Anthu 19 anagwa n'kupulumukira mu ukondewo. Palibe mmodzi wa iwo amene anafunika kukumbukira chilichonse pa mphindi imeneyo. Koma pa 17 February 1937 nsanja yolemera inaduka n'kung'amba ukondewo, ndipo anthu 10 anafa. Nkhaniyi ndimaikonda m'kalasi chifukwa imanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: chotchinga chimapulumutsa, koma sichikhululukira nsanja yomangidwa molakwika.

Chachitatu: tsiku loyamba la munthu watsopano

Palibe amene ayenera kugwira fosholo asanayendetsedwe pa saiti. Palibe. Kaya ndi waganyu wa masiku awiri, kaya ndi mmisiri wa zaka makumi atatu pa ntchito, kaya ndi dalaivala wobweretsa mchenga. Wakale uja amadziwa kumanga, koma sadziwa kuti kuseri kwa mulu wa njerwa uko kuli dzenje lovundikiridwa ndi thabwa lofooka.

Musamukhazike mu ofesi. Yendani naye. Muonetseni njira ya anthu oyenda pansi ndi njira ya magalimoto, pokumanirana pakachitika ngozi, pamene pali bokosi la chithandizo choyamba ndi munthu amene amalidziwa, pamene pali chozimitsira moto, posamba m'manja, madzi akumwa. Muuzeni makina amene saloledwa kukhudza. Muuzeni dzina la munthu woti athamangireko akaona choopsa. Kenako, pa sabata zoyambirira, mumuike pafupi ndi mnzake wodekha amene wakhalitsa pa saitipo, osati wothamanga kwambiri pa ntchito. Wothamanga uja nthawi zambiri ndi amene ali ndi njira zachidule zimene simukufuna kuti zifalikire.

Munthu watsopano amaopa kufunsa. Akuganiza kuti akafunsa aoneka ngati sadziwa ntchito, mawa auzidwa kuti asabwerenso. Muuzeni pamaso, pagulu, kuti pano safunsa ndiye amadya phula, ndipo wofunsa sachotsedwa ntchito. Akadzafunsadi funso loyamba, onse adzakhala akuyang'ana nkhope yanu.

Chachinayi: kaphunzitsidwe kake

Funso lakuti “mwamva?” lilibe ntchito. Aliyense amayankha kuti eya. Njira imene ndaona ikugwira ndi ya masitepe atatu: ndichite ine inu muone, muchite inu ine ndione, kenako muphunzitse mnzanu ine ndili chete. Pa sitepe yachitatuyi m'pamene mumadziwa zimene zalowadi.

Phunzitsani m'chilankhulo chimene anthuwo amatukanirana akapsa mtima, osati cha m'mabuku a kampani. Ngati ena sawerenga, musawachititse manyazi ndi mapepala. Gwiritsani ntchito zithunzi ndi zida zenizeni. Bweretsani chingwe chothetheka ndi chabwino, muwapatse agwire okha, anene chimene angakwere nacho. Bweretsani chisoti chong'aluka mkati. Chinthu chimene munthu wachigwira m'manja saiwala msanga.

Maphunziro a m'kalasi ali ndi malo ake. Ku United States kuli kosi ya maola 10 ya antchito ndi ya maola 30 ya oyang'anira. Ku Britain makontirakitala ambiri amafuna khadi la CSCS, losonyeza kuti mwini wake anaphunzira ntchito yake ndi za chitetezo, munthu asanalowe pageti. Koma satifiketi imangonena kuti munthu anakhalapo m'kalasi. Saiti yanu sinali m'kalasimo.

Chachisanu: za pamwamba, ndipo apa musafulumire

Malamulo a ku United States amafuna chitetezo choletsa kugwa kuyambira mamita 1.8 pa ntchito zambiri zomanga. Lamulo la ku Britain la mu 2005 silitchula n'komwe kutalika: paliponse pamene munthu angagwe n'kuvulala, ndi pamwamba. Ine ndimagwirizana ndi a ku Britain. Munthu amathyoka khosi atagwa kuchokera pa mgolo.

Yambani ndi makwerero, chifukwa aliyense amaganiza kuti amawadziwa. Imikani makwerero pakhoma, muitane mmodzi awakonze. Muyeso wake ndi uwu: pa mamita anayi aliwonse okwera m'mwamba, mapazi a makwerero atalikire mita imodzi kuchokera pakhoma. Akaima chilili kwambiri amagudubuka chagada, akapendekeka kwambiri amatsetsereka. Mutu wake upitirire pofikira ndi pafupifupi mita imodzi, kuti munthu akhale ndi pogwira akamatsika, ndipo umangidwe. Pokwera, ziwalo zitatu zikhale zogwira nthawi zonse: manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi. Ndiye kuti ndowa ya matope siikwera ndi munthu, imakokedwa ndi chingwe. Ndipo makwerero ndi njira yopitira kuntchito, si malo ogwirira ntchito tsiku lonse.

Sikafolodi, nsanja yoimapo pogwira ntchito pamwamba, imamangidwa, kusinthidwa ndi kuphwasulidwa ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyo okha. Ena onse aphunzitseni kuiyang'ana asanakwere. Mapazi ake akhale pa mbale zachitsulo ndi matabwa olimba, osati pa njerwa zounjika. Poponda pakhale podzaza, popanda mpata. M'mphepete mukhale chotchinga cha pafupifupi mita imodzi kutalika, china pakati, ndi thabwa la pansi loletsa nyundo kapena njerwa kugubudukira pamutu pa amene ali m'munsi. Ikhale yomangiriridwa ku nyumbayo. Ku Britain sikafolodi imayenderedwa isanayambe kugwiritsidwa ntchito, kenako masiku 7 aliwonse, ndiponso ikasinthidwa kapena kukachita mphepo yamkuntho. Chimene chimapha kawirikawiri ndi chaching'ono: wopaka pulasitala wachotsa chitsulo chimodzi chomangira kukhoma chifukwa chimamutchinga, sanauze munthu, sanabwezeretse. Bwerezani lamulo limeneli mpaka anthu atope nalo: chitsulo cha sikafolodi sachotsa munthu wamba.

Mabowo a pa silabu, odutsa mapaipi kapena masitepe, atsekedwe ndi chivundikiro cholimba, chokhomedwa, cholembedwa. Thabwa longoyala ndi msampha. Wina adzalinyamula kuti akagwiritse ntchito, ndipo polinyamula adzaponda kutsogolo, m'bowo momwemo, poti thabwalo lamutchinga maso. Padenga, malata oonekera ndi mapepala akale a asibesitosi sanyamula munthu ngakhale akuoneka olimba.

Tsopano hanesi. Pa phunziroli aliyense avale yekha, mnzake amuyang'ane. Malamba a m'ntchafu akhale okoka moti chikhatho chingolowa chafulati, mphete ya kumbuyo ikhale pakati pa mapewa. Pokola ngowe pakhale pamwamba pa munthuyo, ndipo pakhale polimba kwenikweni: muyeso wa ku United States ndi makilogalamu pafupifupi 2,270 pa munthu mmodzi. Paipi ya madzi si pokola. Chitsulo choonda chotuluka mu konkire si pokola.

Ndiye pali masamu amene ambiri sanawachitepo. Chingwe ndi mamita 1.8. Kachikwama kochepetsa mphamvu ya kugwa kakatambasuka kamaonjezera mita imodzi kapena kupitirira. Munthuyo payekha ali pafupifupi mamita 1.8. Onjezerani mita ina yoti mapazi asakhudze pansi. Mwafika pafupifupi mamita 6 kuchokera pamene mwakola ngowe. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene wakola ngowe ya chingwe chotere pa mamita 4 kuchokera pansi adzamenyetseka pansi chingwe chisanamugwire. Jambulani masamuwa pakhoma ndi choko, onse aone. Pamalo otsika chonchi mufunika mpanda, kapena chingwe chachifupi choti munthu asafike n'komwe m'mphepete, kapena chodzikoka chokha chimene chimaluma msanga. Hanesi ndi chingwe zimene zagwirapo munthu wakugwa zisavalidwenso, ngakhale zikuoneka zatsopano.

Chachisanu ndi chimodzi: maenje ndi ngalande

Dothi limanyenga chifukwa limakhala chete. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi, nthawi zambiri pafupifupi tani ndi theka. Munthu safunika kukwiririka mutu kuti afe. Likafika pachifuwa, akatulutsa mpweya dothi limapana, sathanso kukoka wina.

Ngalande ikafika mamita 1.5, makoma ake achirikizidwe, kapena akumbidwe mopendekeka, kapena muikidwe bokosi lachitsulo lotetezera anthu. Dothi likakhala lofewa, chitani zimenezi ngakhale isanafike pamenepo. Dothi lofukulidwa ndi zida zikhale masentimita 60 kapena kupitirira kuchokera m'mphepete, ndipo magalimoto olemera adutse kutali. Kuyambira mamita 1.2, makwerero akhale mkati, osatalikira mamita 7.5 kuchokera pamene munthu aliyense akugwira ntchito. Mvula ikagwa, palibe wolowa mpaka wodziwa atayendera. Aphunzitseni zizindikiro: ming'alu yotsata m'mphepete, dothi loyoyoka lokha, madzi otuluka m'khoma, khoma lotupa m'munsi. Ndipo musanakumbe, fufuzani mawaya ndi mapaipi a pansi, pafupi nawo mukumbe ndi manja.

Matanki, zimbudzi zokumba ndi maenje a mapaipi a zonyansa ali ndi mdani wina, mpweya. Mpweya wabwino uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti. Akatsika kufika pansi pa 19.5 peresenti, salowamo. Mphuno siingakuuzeni zimenezi, ndi kachipangizo koyezera kokha. Jenereta kapena pampu ya petulo isalire m'malo otsekeka, utsi wake umagonetsa munthu osadzukanso.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi ndi makina

Mawaya a m'mwamba onse muwatenge ngati ali ndi moto. Mpaka mavoti 50,000, munthu, chitsulo, makwerero ndi mkono wa kireni zitalikire mamita atatu, ndipo mavoti akachuluka mtunda uwonjezeke. Magetsi amphamvu amalumpha, safuna kukhudzidwa. Galimoto ikakhudza waya, dalaivala akhale momwemo. Ngati kwabuka moto, alumphe mapazi onse pamodzi osagwira galimotoyo, achoke mokhwekhwereza mapazi.

Zida zonse zapamanja zidutse pa chodulira magetsi chodzidzimuka cha mamiliampu 30, chimene chimazimitsa chokha magetsi akadutsa posayenera monga m'thupi la munthu, ndipo batani lake loyesera lidinidwe musanayambe ntchito. Waya wolumikiza ndi pepala la pulasitiki, kapena wolowetsa mu soketi popanda pulagi, muuduliretu pamaso pa onse. Wokonza makina azimitse, atseke ndi loko wake, kiyi akhale m'thumba mwake.

Girayinda isachotsedwe chotchinga chake. Liwiro lolembedwa pa disiki lisachepere liwiro la makinawo, apo ayi disiki imaphulika. Lole ikamabwerera m'mbuyo pakhale woiongolera mmodzi yekha, woonekera pagalasi. Dalaivala akasiya kumuona, aime. Pansi pa katundu wolendewera pa kireni sadutsapo munthu, ngakhale mwini kampani.

Chachisanu ndi chitatu: zimene zimapha mwakachetechete

Izi n'zovuta kuphunzitsa chifukwa palibe magazi oti muloze. Kudula njerwa, konkire kapena miyala pouma kumatulutsa fumbi la silika, losalala moti lina silioneka ndi maso. Limakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa. Matenda ake, silikosisi, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegula khomo la chifuwa chachikulu ndi khansa ya m'mapapo. Kawirikawiri amatenga zaka, koma fumbi likachuluka satero: pokumba ngalande ya pansi pa phiri ya Hawks Nest ku West Virginia, kuyambira mu 1930, anthu ankaboola mwala pouma, ndipo mazana ambiri anafa pasanathe zaka zochepa. Dulani ndi madzi, kapena ndi makina okoka fumbi. Musasese pouma. Kansalu komanga pamphuno sikagwira fumbi limeneli, pamafunika chophimba chopangidwira ntchitoyo, chogwira bwino kumaso, ndipo ndevu zimachilepheretsa kugwira.

Simenti yonyowa imawotcha. Ikalowa m'jombo kapena ikanyowetsa thalauza pa mawondo, munthu samva kanthu poyamba, madzulo povula n'kupeza khungu lasupuka. Ikakhudza thupi itsukidwe pompo ndi madzi ambiri. Ikalowa m'diso, madzi oyenda kwa mphindi 20, kenako kuchipatala.

Phokoso nalo: madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu ndi pamene makutu amayamba kuonongeka. Mulibe choyezera? Ngati mukufuula kuti munthu amene ali pa mita imodzi akumveni, valani zotseka m'makutu. Kumva kukapita sikubwerera. Ndipo dzuwa likaswa mtengo, madzi, mthunzi ndi kupuma zikhale pa pulogalamu ya tsiku, makamaka kwa atsopano amene thupi lawo silinazolowere.

Chachisanu ndi chinayi: mphindi khumi za m'mawa uliwonse

Zonsezi sizingalowe tsiku limodzi. Zimalowa pang'onopang'ono, pa kamsonkhano ka m'mawa ntchito isanayambe. Mutu ukhale umodzi, wokhudza ntchito ya tsiku lomwelo, ndipo muimirire pamalo pamene ntchitoyo ichitikire. Ngati lero tikuthira silabu, tikambe za mizati yochirikiza ndi simenti m'jombo, osati za moto. Funsani kuti, “Lero chingatipweteke n'chiyani?” kenako mutseke pakamwa. Chete woyambayo ndi wowawa, koma mupirire. Wina adzalankhula. Nthawi zina mupatse mmisiri atsogolere. Anzake amamumvera kuposa inu. Zimene anthu adandaula, zikonzeni tsiku lomwelo kapena munene tsiku lake. Akadandaula katatu popanda kusintha, sadzayankhulanso, ndipo inu mudzaganiza kuti zonse zili bwino.

Chakhumi: kapitawo naye ndi mwana wasukulu

Kapitawo nthawi zambiri ndi mmisiri waluso amene anakwezedwa, ndipo palibe anamuphunzitsapo kuyang'anira anthu. Ayenera kudziwa zonse zili pamwambazi, ndi zinanso: kulemba ndondomeko ya ntchito yoopsa isanayambe, kupereka chilolezo cholembedwa pa ntchito zonga kuwotcherera, kukumba ndi kulowa m'malo otsekeka, kugwirizanitsa magulu osiyana kuti wina asagwire ntchito pamutu pa mnzake, ndi kufufuza ngozi pofunsa kuti chinachititsa n'chiyani, osati wolakwa ndani.

Koma mayeso ake enieni amabwera ntchito ikachedwa. Pa 27 April 1978, ku Willow Island m'boma lomwe lija la West Virginia, anthu ankamanga nsanja yaikulu yoziziritsira madzi pa malo opangira magetsi. Sikafolodi yawo inkakwera ndi khoma, itagwira pa konkire amene anathiridwa dzulo lake. Konkireyo anali asanalimbe mokwanira. Anagumuka, sikafolodi yonse inagwa kuchokera pa mamita pafupifupi 50, ndipo anthu onse 51 amene anali pamenepo anafa. Konkire sadziwa kalendala ya kontirakitala. Mphamvu imene injiniya amawerengera ndi ya pa masiku 28, ndipo kunja kukazizira amachedwa kulimba. Matabwa ndi mizati ya pansi pa silabu zimachotsedwa injiniya akanena, osati pamene zikufunidwa pa nsanjika ina.

Choncho muphunzitseni kapitawo kunena kuti ayi kwa amene ali pamwamba pake, ndipo amene ali pamwambawo amuuze poyera kuti “ayi” ameneyo sadzamudyera ntchito. Chimodzimodzi wothandizira wamng'ono kwambiri akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito akaona choopsa. Akalakwitsa, n'kupezeka kuti panalibe vuto, muthokozeni ndithu. Mukamukalipira, mwaphunzitsa saiti yonse phunziro limene kosi iliyonse siingafafanize.

Ndiye pali zija timati “pang'ono n'kadapita”. Nyundo yagwa n'kuphonya munthu, thabwa lathyoka koma munthu wagwira chitsulo. Anthu amaseka, n'kupitiriza ntchito. Zimenezi zilembedwe, zikambidwe mawa m'mawa, popanda kutchula wolakwa ngati sikofunika. Ndi ngozi yathunthu, kungoti sinapeze munthu pamalo pake. Ndinene chinanso chimene chimandinyansa: kapitawo woyenda pa saiti chisoti chili m'khwapa, kapena mlendo wa suti wolowa ndi nsapato za mu ofesi chifukwa “angoona pang'ono”. Anthu amaphunzira ndi maso. Pageti pakhale zisoti ndi jombo za alendo, ndipo mlonda apatsidwe mphamvu yobweza aliyense.

Chomaliza: yesererani tsiku loipa

Ngozi ikachitika, mtima umauza munthu kuti alumphire m'dzenje kukapulumutsa mnzake. Umu ndi momwe maliro amodzi amasandukira atatu. Khoma la ngalande likagumuka kamodzi limagumukanso. Mpweya umene wagwetsa woyamba udzagwetsa wachiwiri. Aphunzitseni kuimitsa makina onse, kuitana thandizo, kuchirikiza makoma asanalowe, ndi kusakumba munthu ndi makina okumbira. Wogwidwa ndi magetsi sagwiridwa mpaka magetsiwo atazimitsidwa. Wakugwa kuchokera pamwamba sanyamulidwa ngati thumba, pokhapokha pamalopo pali choopsa china, chifukwa msana ukhoza kukhala wothyoka. Wopsa ndi moto, madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapaka kanthu. Manambala a thandizo ndi njira ya kuchipatala chapafupi zilembedwe pageti, ndipo pa shifiti iliyonse pakhale wodziwa chithandizo choyamba.

Munthu wolendewera pa hanesi sanapulumuke kaye. Malamba amapana mitsempha ya m'ntchafu, magazi amatsalira m'miyendo, ndipo akhoza kukomoka m'mphindi zochepa. Choncho musanatumize aliyense pamwamba ndi hanesi, mudziwe kuti mudzamutsitsa bwanji, ndi chiyani, ndipo ndani.

Yesani chonchi. Dzazani ovololo ndi matumba a mchenga mpaka ilemere ngati munthu wamkulu, iveke hanesi yakale, muilendeweretse pamene anthu akugwira ntchito sabata imeneyo. Musachenjeze gulu lonse, uzani woyang'anira chithandizo choyamba yekha. Imbani wezulo, yang'anani wotchi. Ulendo woyamba umene tinachita zimenezi, makwerero aatali anali otsekeredwa mu kontena, ndipo wosunga kiyi anali atatumidwa kukagula misomali. Lembani mphindi zimene zapita, konzani chimene chachedwetsa, mubwereze sabata yamawa. Sikafolodi ikasamukira mbali ina ya nyumba, kapena nsanjika ikawonjezeka, lendeweretsaninso ovololo ija.